Wakale Uja Watha Mano

Dandaulo langa loyamba ndinalilemba Lolemba loyamba la mwezi wa Meyi, chaka chachitatu chiyambire kwacha ndi tambala. Lachiwiri ndinalemba mu Juni, lachitatu mu Ogasiti. Makope ake onse ali m'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi. Lachinayi ndi limene linatsala pang'ono kundigoneka kundende ya Dzaleka, ndipo ndilo ndikufuna kukusimbirani.

Masiku amenewo ndinali kalaliki pa msika wa fodya kufupi ndi Nachisaka. Ntchito yanga inali ya cholembera, koma tsiku lililonse ndinkadulanso zingwe za khonje ndi ziguduli zokutira mabelo. Nditaona m'nyuzipepala kuti sitolo ina ya ku Limbe ikugulitsa mpeni wopinda, wolowa m'thumba, wokhala ndi mano ngati sowo, ndinauitanitsa pa positi. Unabwera ndi kapepala ka Chingerezi konena kuti mpeniwu subuntha msanga. (Kapepalako ndinakasunga. Kukawerenga mbali zonse ziwiri ndiye ayi, koma tifikako.)

Unali mpeni ndithu. Chingwe chimene anzanga ankachicheka mpaka thukuta, ine ndinkangochikhudza kamodzi. Ndinkautulutsa ngakhale pamene panalibe chodula. Koma zitatha nyengo ziwiri za fodya, unayamba kutafuna chingwe m'malo mochidula.

Loweruka lina ndinakhala kuseri kwa nyumba, pa mwala umene timanolerapo nkhwangwa. Mayi akunyumba, a Nangozo, podutsa anandiuza kuti alongo awo sanola zenga chotero, amatenga katupa kozungulira n'kumapala dzino limodzilimodzi. Ndinawayankha kuti ine ndinafika sitandade sikisi, komanso kuti zenga silibwera pa positi. Ndinanola mpaka dzuwa kupendeka. Ndikayesa pa chingwe, sukudula bwino, ndibwererenso pamwala. Lamulungu tikuchokera ku Misa ndinapitiriza. Pofika Lolemba mpeni unali see, ngati usinini wa khanda.

Tsiku lomwelo ndinalembera sitolo ija kuti mano a mpeni wawo agwa okha. Yankho silinabwere. Ndinalembanso, kenako ndinalembanso. Tsiku la makalata ndinkatsika phiri m'mawa kupita ku positi, kukwera, kutsikanso masana poganiza kuti mwina thumba lina latsalira m'basi. Pamsika anzanga ankandibwereka mipeni yawo mwaulemu wopweteka.

Mu Okutobala mtima unakwera. Ndinati maenvulopu mwina satsegula n'komwe, ndigule positikhadi kuti ngakhale mesenjala wa sitoloyo awerenge. Malo olembapo ndi ochepa, ndiye ndinalemba mwachidule, m'Chichewa, ndi zilembo zazikulu:

WAKALE UJA WATHA MANO. WABUNTHA, WATITOPETSA. TIKUFUNA WINA WATSOPANO CHAKA CHINO CHISANATHE.

Mawu oti "mpeni" sindinawalembe. Ndinkati eni ake akudziwa kale. (Amene munabadwa mochedwa, dziwani kuti nthawi imeneyo dziko linali ndi wamkulu mmodzi yekha, wachikulire, ndipo kunena kuti mukufuna wina sikunali kocheza.)

Amene anaiwerenga khadiyo panjira sindimudziwa mpaka lero. Lachinayi m'mawa kunafika anyamata awiri a chipani, a malaya ofiira, kudzandiuza kuti a tcheyamani akundifuna. Nditafunsa nkhani yake anati ndikaimva komweko, koma ndichita bwino kutenga bulangeti. Ine ndinasenza sutikesi ya mapepala. Bulangeti analinyamula a Nangozo, akunditsata pambuyo.

Tcheyamani wa nthambi yathu anali a Kachigamba, munthu amene tinkaweta naye mbuzi tili ana. Tsiku limenelo sanandidziwe. Anakhala patebulo pansi pa mtengo wa kachere, anthu atazungulira, khadi yanga ili patsogolo pawo.

"A Kalaliki, wakale ameneyu ndani?"

"Ndi mpeni, bwana tcheyamani."

"Mpeni umakhala ndi mano?"

Ndinatsegula sutikesi. Ndinayala risiti, chidutswa cha nyuzipepala, kapepala ka Chingerezi, ndi makope a makalata atatu aja, motsatira masiku ake. A Kachigamba anati mapepala munthu wophunzira angathe kuwakonza tsiku limodzi, iwo akufuna kuona mpeniwo. Ndinawapatsa. Anautsegula, kuutembenuza, kuuyang'ana padzuwa, kenako anaupereka kwa akuluakulu ena kuti nawonso aone.

"Mano ake ali kuti?"

"Ndi amene atha aja, bwana."

"Mano ogwa okha amasiya mipata. Uwu ndi mpeni wosendera mbatata. Chipangidwire sunakhalepo ndi dzino."

Dzaleka si patali ndi kwathu, ndipo tonse tinkadziwa ena amene anapita kumeneko pa nkhani zochepa kuposa iyi. Njira zinali ziwiri. Kuumirira zimene ndinalemba m'makalata atatu, zoti mano anagwa okha, n'kukwera galimoto ya ku Dzaleka. Kapena kuvomera pamaso pa mudzi wonse kuti ndinawapala ndekha. Mulungu andikhululukire, ndinayamba ndaganiza kaye.

A Nangozo anatula bulangeti pansi.

"Bambo a Lute, nenani za mwala zija. Ine phala sindidzakutengerani ku Dzaleka chifukwa cha manyazi anu."

Ndinanena. Loweruka, Lamulungu, mwala wa nkhwangwa, zonse. A Nangozo anapempha mpeni uja, n'kuloza pafupi ndi chigwiriro pamene mwala sunkafika. Panali kadzino kamodzi kotsala. A Kachigamba anakakanda ndi chikhadabo, kawiri. Kenako anatola kapepala ka Chingerezi kaja, ndipo posadziwa mbali yoyambira, anakatembenuza. Kuseri kunali mizere itatu imene ine ndinali ndisanaionepo. Anandilamula kuti ndiwerenge mokweza ndi kumasulira, poti wa sitandade sikisi pamalopo ndinali ine.

Ndinamasulira kuti mpeniwu usanoledwe pa mwala. Ukabuntha, atenge katupa kozungulira, apale dzino limodzilimodzi.

Anthu anaseka mpaka anyamata a malaya ofiira omwe. A Nangozo anangokutumula bulangeti n'kulipinda bwinobwino. Kukutumula kwawo kuja ndimakumvabe mpaka lero. A Kachigamba anandibwezera mpeni ndi lamulo limodzi, lakuti kuyambira tsikulo ndikamalemba za mpeni, mawu oti "mpeni" azipezeka m'chiganizo chilichonse. Khadi sanandibwezere, koma kope lake ndili nalo.

Kunola ndinanoladi, sindikana. Komabe chenjezo lofunika chotero saika kuseri kwa pepala, ndipo kulakwa kwanga sikuchotsa udindo wawo woyankha makalata. Choncho, ngati alipo wa sitolo ija amene akuwerenga izi, ndikupempha mwaulemu motere. Yankhani makalata anga atatu okhudza mpeni. Fotokozani chifukwa chimene malangizo a mpeni munawabisa kuseri. Nenaninso ngati n'kotheka kubwezera mano pa mpeni umene watsala ndi dzino limodzi. Yankho lanu pa nkhani ya mpeni likhale lolemba, losainidwa, ndipo chonde, mpeni wanga ndi ine tikupempha kuti libwere mu envulopu.