Kampani ya Ba Sisi

Lolemba

Sabata ino ndi yanga! Loji ina ya ku Kabulonga ikufuna wosunga katundu wa kukhichini, makalata atseka Lachitatu. Dipuloma ya ntchito imeneyi ndili nayo, yagona m'sutikesi zaka zitatu, oiwerenga ndi mphemvu zokha. Zaka zitatu ndikudya kwa Ba Sisi Esnart muno mu Mtendere, kugona pabalaza, osagulako ngakhale mchere. Manyazi ndimamva, kungoti sindionetsa.

Zochita:
1. Kukonza CV.
2. Kubwereka jekete.
3. Nsapato yakumanzere, yayasamula.
4. Kusiya kudzuka 9 koloko.

Nambala 4 ndiyamba mawa.

Ndapita kwa Ba Mulenga, aja ali ndi kompyuta ndi makina osindikizira pakantemba, kasitolo kakang'ono pafupi ndi msika. Aiona CV, apukusa mutu. "Mwaice, mufana iwe, apa pali chibowo cha zaka zitatu. Ba boss bakaona chibowo, baponya mu bini." Afunsa ngati ndidagwirako kanthu. Ndati ndidawanyamulirako Ba Sisi bokosi la matimati kawiri. Basi, zala pakompyuta! Tebulo la Ba Sisi la pamsika lasanduka Esnart Fresh Produce, iwo eni kampani, ine manijala wa katundu. Pamalo a wondichitira umboni taika nambala ya foni yawo. Munthu uja ndi mmisiri. Ndinalowa lova, ndatuluka manijala.

Tisanasindikize, malaiti ayenda.

Lachiwiri

Ndadzuka 9 koloko. Ba Sisi anapita kale ku msika waukulu wa Soweto kukagula, kubwerako, kuyala tebulo.

Ntchito ya lero ndi kuphunzitsa mboni. Ndawapeza akusankha matimati. Ndafotokoza mofatsa: a ku loji akaimba, muyankhe m'Chingerezi, munene kuti ndine wachangu, ndimafika m'mawa, tsiku limene ndinkachoka kampani yonse inalira. Iwo osadzutsa ngakhale mutu. "Ine boza sinikwanisa, ningaiwale pakati. Nizakamba chabe vamene niziba." Ndati chabwino, koma musankhemo zabwino zokha. Ati, "Kusankha ndiye nchito yanga."

Kenako afunsa kuti wosunga katundu amachita chiyani kwenikweni. Ndalakatula za m'buku: katundu woyamba kulowa ndiye woyamba kutuluka. Aseka mpaka kugwira nthiti, aloza patebulo. Matimati a dzulo kutsogolo, a lero kumbuyo pansi pa saka lonyowa, ofewa m'beseni kudikira amayi ophika m'malesitilanti. "Sukulu yonse ija ndiye ivi?" Munthu wolekera giredi 7! Ine ndinakhalira mayeso kawiri pa mfundo yomweyi.

Ndiwo: kalembula, masamba a mbatata aja, wotsala patebulo ndi matimati ophwanyika. Momwe amaphikira mayi ameneyu zinthu zoti ena akanataya, ndanyambita zala.

Malaiti kulibe.

Lachitatu

Malaiti abwera 11 koloko, mzere kwa Ba Mulenga kufika pamsewu. Kandalama kamene Ba Sisi andisiyira pansi pa kapu kakwanira chimodzi, kusindikiza kapena minibasi. Ndasindikiza. Ku Kabulonga ndapita wapansi.

Jekete ndi ya Ba Phiri a landilodi, ya paukwati wawo, mapewa ake akundifika m'zigongono. Nsapato ija ndaipeza yatseka pakamwa. Ba Sisi aisoka ndi ulusi wa saka la anyezi n'kupaka polishi, ngakhale wosoka nsapato sangaone. Anaisoka nthawi yanji, sindikudziwa, ndinali mtulo.

Mlonda wa pageti walandira envulopu ndi manja awiri, waiika pamwamba pa mulu wofika m'bondo. Ati, "Mulungu ni wa bonse, ba boss." Ndakondwa ndi "ba boss", mulu uja ndiwo wandifoola.

Lachinayi

A ku loji andiimbira! Intavyu mawa 10 koloko! Akutinso aimbira mboni. Chimwemwe chatha pomwepo.

Ndaswera pamsika kulondera foni ya Ba Sisi, kuti ikalira ndiziwanong'oneza mayankho. Kafoni kake ndi kamabatani, komanga ndi labala, kamakhala pamfundo ya chitenje. Kalira tsiku lonse. Oimba:
mlimi wa ku Chongwe,
dalaivala wa kagalimoto ka mabokosi,
mayi wofuna impwa, timabiringanya tating'ono tija, za paukwati,
mlimi yemwe uja, mtengo atautsitsa.

Uyu amuyankha m'Chinyanja, uyo m'Chibemba, wina Chitonga cha apo ndi apo, dzanja lina likupatsa kasitomala chenji. Alibe pepala, alibe cholembera. Amadziwa amene mwana wake akudwala, amene sagula popanda kumuonjezera mbasela, amene amafinya matimati onse n'kuchoka osagula. Zaka zitatu ndakhala nawo nyumba imodzi osadziwa kuti ndimadya kwa munthu wotere. Ndachita nawo mantha, ndanyadanso.

Ndayesa kuunjika matimati anayi pansi, limodzi pamwamba. Kamulu kagwa katatu. Ba Sisi angoti, "Ba manijala, pumulani."

A ku loji sanawaimbire Ba Sisi.

Lachisanu

Ndadzuka 6 koloko! Ba Sisi anatuma Ba Phiri kuti agogode mpaka nditsegule.

Wondifunsa ndi mayi wamagalasi, mkulu wa kukhichini. Mafunso ndayankha bwinobwino, woyamba kulowa woyamba kutuluka, zonse. Ndayamba kale kudziona ndi makiyi m'chiuno. Kenako mayi aika foni patebulo, aikweza mawu, aimba nambala ili pansi pa CV. Ine ndili pomwepo!

Phokoso la msika, mawilibala, wina akuitanira makala.

"Halo, nindani? Kambani musanga, nili na kasitoma."

Mayi afunsa ngati kumeneko ndi ku Esnart Fresh Produce.

"Esnart ndine. Vinangu ivo funsani wamene analemba."

Afunsa za ine.

"Uyo ni mufana wanga, mimba imozi. Sakuba, samwa, ukamutuma chenji ibwela yonse. Mutu ali nao. Koma kuuka kuseni, mayo, ni nkhondo. Bokosi ananyamulako kabili, yachibili anagwesa."

Ndafuna kulowa m'jekete ya Ba Phiri, malo analimo ambiri.

Mayi avula magalasi, aseka mpaka misozi. Atapuma afunsa kuti matimati ali bwanji masiku ano, poti amene amawabweretsera amaika okongola pamwamba, pansi phala lokhalokha. Apo ndiye aputa Ba Sisi. Bokosi muziyamba kuliona pansi. Theka mugule ofiira, theka osapsa. Anyezi wa khosi lonyowa musalandire. Akambirana nthawi yaitali ngati anakulira limodzi, ine ndaiwalika pampando. Pomaliza mayi andipatsa cholembera kuti ndiwalembere mitengo imene Ba Sisi akutchula. Ndalemba, mwaukhondo ndithu. Ati adzandiimbira.

Madzulo ndafika ndi mkwiyo wanga wonse. Ba Sisi akutsuka beseni. "Sininasankhe? Va mbale zamene usiya pansi pa mupando sininakambe."

Loweruka

Foni yalira m'mawa. Si yanga, ndi kamabatani kaja. A ku loji akufuna matimati, anyezi ndi repu katatu pa sabata, kuyambira Lolemba, 6 koloko katundu akhale pageti.

Yanga yalira masana, kauthenga kakafupi. Akuthokoza, ntchito apatsa wina amene anagwiradi ntchito. Zandiwawa, ndisaname. Ndakhala kuseri kwa nyumba osafuna kuonana ndi munthu.

Ba Sisi sanavine, sanaimbe nthungululu. Angomanga chitenje, kuimbira mlimi wa ku Chongwe, kuimbira dalaivala, kukambirana ndi mnzawo wa tebulo loyandikana kuti aziwaonera malonda m'mawa. Dzuwa lisanapendeke zonse zili m'malo. Ine kalata imodzi yanditengera sabata yathunthu, jekete ya eni ndi nsapato yosoka ndi ulusi wa anyezi. Iwo kontilakiti aipeza ndi dzanja limodzi, linalo likupatsa chenji. Ukafuna kukwiyira munthu wotere umayambira pati?

Ndabweza jekete. Ndapita kwa Ba Mulenga kukafufuta kampani ija pa CV. Malaiti kulibe. Iwo akuuza aliyense wodutsa kuti, "Kampani ija ninaipanga ndine."

Lamulungu

Titabwera ku tchalitchi Ba Sisi andiitana, andikhazika pampando ngati mlendo. Akuti a ku loji akufuna pepala pa katundu aliyense, lolembedwa bwino, ndipo iwo ndi cholembera sagwirizana. "Nifuna munthu oziba kulemba. Uli na CV?"

Ndawapatsa. Andiuza ndiwerenge mokweza, ndimasulire. Manijala wa katundu. Wachangu. Wofika m'mawa. Wosamala katundu wosachedwa kuwonongeka. Iwo akungogwedeza mutu.

"Vonse ivi unalemba wekha, palibe anakukakamiza. Mailo uzayamba kuvichita. Folo koloko tili ku Soweto. Mabokosi ni yatatu."

Ndafunsa za malipiro. Ati, "Uzayamba kugula muchele." Kani amaona!

Zochita sabata yamawa:
1. CV isakhudzidwe, ikhala yoona yokha.
2. Jekete siifunika.
3. Kupeza nkhata.
4. Nambala 4 yandipeza.

Bwana wabwino kuposa ameneyu sindikanamupeza ku Kabulonga konse, koma kuthawa kwake kulibe, timagona nyumba imodzi. Bodza lija ndinalilemba Lolemba nditakhala pampando kwa Ba Mulenga. Mawa ndikalisenza pamutu.