Ditekita ya pa msewu wa Mazowe

Lolemba

M'nyumba muli zii. Amake Rute akadali ku Harare, ku Mufakose, kulera mdzukulu wathu woyamba. Popita anati sabata ziwiri. Malalanje a ku Mazowe apsa, athyoledwa, atha, iwo osabwera. Ndikudyera mumphika, choimirira.

Loweruka masana mwana akubatizidwa, ndipo ndinalonjeza Rute kuti ndidzakhalapo. Vuto ndi shifiti. Ku mgodi ndimatuluka dzuwa lili paliwombo, ndipo kapitawo wakana kundisinthira. Chatsala n'kuthamangitsa galimoto. Koma ulendo watha apolisi anandiimitsa pa Mazowe, ndinafika kuchipatala nthawi yoona odwala itatha, khanda ndinalionera pawindo.

Nzeru ndaipeza kubawa. Madalaivala a mathiraki ali ndi kabokosi kotchedwa ditekita. Kakamva patali rada, makina a apolisi oyezera liwiro, kamalira, iwe n'kuponda buleki, n'kuwadutsa ngati m'busa. Ndigula!

Lachiwiri

Tsiku losankha. Zilipo zitatu:

- Ya Mabvuto, woyendetsa thiraki ya ku Joni. Yakuda, yaing'ono. Akuti imamva wapolisi ngakhale ali kuseri kwa phiri.
- Ina ya Mabvuto yemweyo, yaikulupo, ya timagetsi tofiira. Ngodya imodzi ndi yophwanyika. Akuti kuphwanyikako ndi umboni wakuti yayenda.
- Ya a Zuze, amagetsi a ku mgodi, yopanga okha m'chitini cha polishi. Sinayesedwepo. Akufuna munthu wolimba mtima.

Ndakhala pakhonde kusinkhasinkha. Zogula zonse pakhomo pano amasankha ndi amake Rute, ngakhale nsapato zanga zomwe. Ndatembenukira kukhitchini n'kufunsa mokweza kuti nanga inu mukuona bwanji. Kenako ndakumbukira.

Lachitatu

Ndatenga ya timagetsi. Chifukwa chenicheni ndilibe, yangondikomera m'maso. Mabvuto wandigwira dzanja: "Mudhara, apa mwagula mapiko." Mawa akunyamuka wa ku Joni, sakudziwa tsiku lobwerera.

Kapepala ka malangizo si Chingerezi, si Chishona, si chilichonse chomwe ndinamvapo ku mgodi. Pali chithunzi cha bambo akumwetulira pa msewu waukulu wopanda mbuzi, wopanda ngolo. Ndikuganiza kuti tanthauzo lake ndi lomwelo.

Lachinayi

Poyatsira fodya m'galimoto panafa kalekale, ndiye polumikiza palibe. Ndaitana a Zuze. Abwera atatupa kuti ndinakana chitini chawo. Asuzumira pansi pa chiwongolero, akuti waya wamoyo watsala umodzi wokha, wa wailesi. Ndisankhe.

Wailesi imeneyi ndi yomwe imandicheza. Ndikaweruka ndimakhala m'galimoto pabwalo, chitseko chotsegula, kumvera nyimbo ndi mauthenga a maliro mpaka udzudzu undithamangitse. Koma ubatizo ndi ubatizo.

Zomwe zafa lero:

- wailesi
- hutala
- getsi lakumanzere

Ditekita yayaka. A Zuze apita osamwa tiyi yemwe ndinawaphikira.

Lachisanu

Kuyesa. Ikulira pa geti ya mgodi. Ikulira pansi pa nsanja ya matelefoni. Ikulira ndikakhota. Yalilira mayi wina wosenza dengu la tomato. Pa polisi penipeni, duu. Ndadutsapo n'kubwereranso pang'onopang'ono mpaka wa pageti wandifunsa ngati ndataya mbuzi. A Zuze akuti apolisi a muofesi alibe rada, ndiye kuti chinthucho n'chanzeru.

Ndapita ku positi kukaimba foni kwa oyandikana ndi Rute. Ndadikira kuti akaitane amake. Ndimati ndiwafotokozere za ditekita, koma amake Rute angoti, "Jekete lakuda lija mulisite. Mukudya koma?" Kumbuyo kwawo khanda likulira, wina akuseka, mbale zikugundana. Makobidi athera pomwepo. Ndaima m'kanyumba ka foni mpaka wonditsatira pamzere wagogoda galasi.

Loweruka

Ndatuluka mu mgodi, kusamba kwa mbalame, jekete paphewa, moto!

Kungotuluka mu Bindura, piii. Buleki. Palibe wapolisi, ndi ng'ombe. Ndaonjezera moto, piii. Buleki. Chikwangwani. Kukhala ngati wakweza apongozi amantha. Basi ya ku Harare yandipitirira, anthu akundiyang'ana m'mawindo. Yandipitiriranso lole yodzaza nkhuni. Ndikati ndiizimitse, mtima ukuti bwanji ulendo uno akakhala enieni?

Kuyandikira Mazowe, yatonthola. Timagetsi tonse tazima. Ndati Mulungu wamva, ndaponda mafuta mpaka pansi, kagalimoto kakunjenjemera ngati ka malungo. Pansi pa matayala, gu-gu. Kutsogolo dzanja loyera m'mwamba.

Wapolisi wake waulemu, wamng'ono kwa Rute. Akulemba tikiti, waona kabokosi, wafunsa ntchito yake. Ndamuuza. Waitana mnzake kuti adzaone. Kenako wandilozera mmbuyo, pomwe panali mawaya awiri akuda oyalidwa modutsa msewu.

"Sekuru," wanditcha agogo m'Chishona, "ife kuno tilibe rada. Timayeza ndi mawaya awo. Mukawaponda, basi."

Wawonjezera za getsi ndi hutala. Ditekita yadikira kuti amalize kulemba, ndiye yalira.

Ku Mufakose ndapeza anyamata akubweza mabenchi kutchalitchi. Mpunga watsala wa pansi pa mphika. Rute sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Wangondiika mwana m'manja n'kundiuza kuti amutcha dzina langa. Anabisa dala kuti ndidzalimvere m'tchalitchi. Akuti abusa atalitchula, anthu onse anacheukira kukhomo.

Mwanayo ndi wolemera, wofunda, wagona pa jekete langa mpaka kulinyowetsa. Amake Rute anenepa. Andiyang'ana kolala, aikonza, akuti ndikanakwera basi. Ndawafunsa motsitsa mawu kuti kunyumba abwera liti. Akuti mwana akayamba kukhala pansi yekha.

Pogona panalibe, achibale a mkamwini adzaza mpaka m'khitchini. Ndabwerera dzuwa lisanalowe chifukwa cha getsi lija.

Lamulungu

Sindinapite kutchalitchi. Ndazula ditekita, ndalumikiza waya pomwe unali. Wailesi sikuyaka. A Zuze akuti aiona akapeza mpata, koma ndiyambe ndaganizira za chitini chawo.

Amake Rute anandilongedzera nyama ndi nyemba m'zitini za majarini. Ndatsegula chimodzi, zina ndasunga kuti zifike Lachitatu.

Masana ndaona mayi Phiri oyandikana nafe akuyanika zovala. Ndapita pampanda, ndawafunsa kuti kodi mwana amayamba kukhala yekha ali ndi miyezi ingati. Akuti ambiri isanu ndi umodzi, ena isanu ndi iwiri. Afunsa dzina la mwanayo. Ndawauza.

Akung'untha shati, ayanika, akuti ndisawerengere kuti ameneyo afulumira.