Machesi Anga pa Ukwati wa Tadala

Mpaka lero ndikalowa paphwando la Amalawi ku Indianapolis, sipalephera kupezeka wina wofunsa mokweza kuti, "Alipo ali ndi moto?" Enawo amayang'ana kudenga, mapewa akugwedezeka. Ine ndimangopereka moni n'kukafuna mpando wakumbuyo. Nkhaniyi yakambidwa ndi anthu ambiri, aliyense akuthiramo mchere wake, ndiye bola ndiifotokoze ndekha mwini wake.

Ndimagwira ntchito pa kafakitale kena kunja kwa South Bend, komwe timapanga machesi. Osati a m'bokosi aja tinazolowera kwathu ayi. Awa ndi a katoni, okhala m'kachikuto kopinda ngati kabuku, amene malesitilanti ndi mabala amagawa ulere dzina lawo lili pamwamba. Makina amadula katoni yolimba kukhala ngati chipeso cha mano khumi. Chipesocho chimaviikidwa m'phula lotentha, kenaka nsonga zake zimaviikidwa m'phala la mankhwala lopanga timitu tija. Zikauma, zipeso ziwiri zimasanjikizidwa n'kumenyedwa sitepulo imodzi m'chikuto. Kabuku kamodzi, mitengo makumi awiri.

Malo anga ndi kumapeto kwenikweni, pa sitepulo. Ndimaona ngati yakhala mowongoka, n'kumalongedza. Zikuto zimandipeza zitasindikizidwa kale kuchipinda china chimene ndinali ndisanalowemo n'kamodzi komwe, kamzere kofiirira kokwechapo machesi kali kale kumbuyo. (Koma mbiri imene inafika kwathu ku Dedza ndi yakuti ndine injiniya wa moto. Amene anayambitsa bodzali sindimudziwa. Kulitsutsa kokha ndiye sindinalitsutse.)

Tsono Tadala, mwana wa achemwali anga, amene ndi namwino ku Lawrence, anapeza banja. Mwamuna wake ndi Marcus, mbadwa ya ku Indianapolis komweko. Bambo ake a Tadala anatisiya iye ali ku pulayimale, choncho ine monga malume ndinali zonse: nkhoswe ndine, womuperekeza kuguwa ndine. Kutchalitchi kwa a Marcus kuli mwambo wa makandulo. Mayi wa mkwati ndi mayi wa mkwatibwi aliyense amayatsa kandulo yake yaing'ono, kenaka ana awo amatenga ziwirizo n'kuyatsira limodzi yaikulu yapakati. Achemwali anali atapeza viza. Ankabwera ku Amereka koyamba m'moyo mwawo, kudzayatsa kandulo imeneyo pamaso pa asebele awo.

"Ankolo," anatero Tadala pafoni, "adadi kulibe. Ndikufuna moto wa tsiku limenelo uchokere kwa inu. Mungatipangire machesi a dzina lathu? Amami adzayatsire amenewo, otsalawo alendo adzatenge."

Mawu amenewo anandifika pamtima, sindinama. Ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe.

Lolemba ndinakaonana ndi supavaiza wathu, mayi wina wamkulu dzina lake Darlene, amene anayamba ntchito pamalopo ena a ife tikadali kusewera masanje. Anati makina sawayatsira timabuku mazana awiri okha, komanso maoda amene ali pamzere afika miyezi iwiri. Ukwati unali utatsala masabata atatu. Koma anandilola kutenga zipeso zimene makina adula mokhota pang'ono, zimene timataya ngakhale mitu yake ili bwinobwino.

"Nanga zikuto?" anafunsa.

"Zimenezo ndithana nazo," ndinayankha.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ngati akufuna kuwonjezera mawu, belu la shifiti n'kulira. Ine sindinabwererenso. Paja safunsa anadya phula.

Zikuto ndinakapulintitsa pa kasitolo kena ka ku Lafayette Road. Zinatuluka zokongola zedi, zoyera, mayina awiriwo olembedwa mwagolide. Mwini sitolo anatembenuza chimodzi n'kufunsa za kamzere kakumbuyo. Ndinamuuza kuti asiye poyera, ntchito imeneyo ndi ya ife a m'fakitale. Anagwedeza mutu mwaulemu, monga amachitira munthu akakumana ndi katswiri.

Nzeru yanga inali iyi: moto uli m'mutu wa machesi, kamzere kaja n'kongokhakhala basi, koti mutuwo upeze pokhulana napo. Nanga si ukakakhudza ndi chala kamamveka ngati mchenga? Ndinagula sandipepa wosalala kwambiri, wofiirira ndendende ngati kamzere kenikeni. Ndinamudula ndi lezala timizere mazana awiri, n'kumata ndi guluu kamodzikamodzi. Masiku a Loweruka awiri athunthu anathera patebulo la kukhitchini. Masitepulo ndinamenya pamanja, ndipo kunena zoona, m'moyo mwanga sindinamenyepo masitepulo owongoka ngati amenewo.

Apa mwina mukufunsa kuti bwanji sindinayese mtengo umodzi. Funso limeneli landifunsa aliyense, mpaka dokotala wanga wa mano. Muyenera kudziwa kumene tinakulira. Bambo athu ankang'amba mtengo wa machesi pakati ndi lezala kuti ukhale iwiri. Ngati kwa aneba kukufuka utsi, bokosi silinkatsegulidwa, unkatumidwa kukapala moto ndi phale. Kuyatsa machesi popanda chifukwa unali mlandu woposa kuba shuga. Zipeso zotsala ndinali nazo zodzaza jumbo, ndipo tsiku lina ndinathyoladi mtengo umodzi n'kuuika pa sandipepa. Dzanja linakana. Dzuwa lili phwee, chophika palibe, nyali palibe, ine bambo wamkulu n'kuyatsa moto wongoonerera? Ndinauika m'thumba la malaya kuti ndidzaugwiritse ntchito tsiku loyenera. (Ndinadziuzanso kuti alamu ya utsi ya m'nyumba mwanga imalira msanga. Imaliradi, koma chifukwa sichinali chimenecho.)

Lachisanu Tadala anaimbanso. "Ankolo, mwatesita?"

"Mwana iwe, ine machesi ndimawagwira kuyambira sikisi koloko mpaka thu koloko. Ndinayamba ndakufunsapo ngati jakisoni umamudziwa?"

Anaseka, n'kupepesa. Kupepesa kumeneko ndimakukumbukirabe.

Loweruka m'mawa ndinatsika ndi msewu wa 31, bokosi la machesi lili pampando wakutsogolo, nditalimanga lamba. Kutchalitchi tinawathira m'dengu pakhomo, aliyense wolowa akutengapo. Achemwali ndinawapeza atavala chilundu chatsopano ndi duku losongoka, atagwira kabuku kamodzi ngati satifiketi. Chizungu amangodziwa cha moni, koma zimenezo sizinawaletse kuonetsa aliyense wodutsa, wakuda ndi woyera yemwe, akuloza ine n'kumati, "Wapanga mlongo wanga uyo." Ine n'kumakweza dzanja pang'ono, modzichepetsa.

Ndinamuperekeza Tadala kuguwa bwinobwino, n'kukhala pabenchi yoyamba. Abusa anaitana amayi awiri aja. Achemwali anaima kumanzere, amayi ake a Marcus, Mayi Loretta, kumanja. Wa kiyibodi anayamba kanyimbo kapansipansi.

Achemwali anathyola mtengo, n'kukwecha. Zii. Anakwechanso, mutu unangonyenyeka. Anathyola wachiwiri, nawo chimodzimodzi. Wachitatu unapindika. Mitengo yakufayo sankaitaya pansi, ankaisunga m'dzanja lamanzere, mwana wa bambo athu. Kumanja nako Mayi Loretta anali pankhondo yomweyo, akumwetulira ndi mano okha. Kanyimbo kanatha, wa kiyibodi anakayambanso.

Kenaka alendo, mwa chifundo chawo, anaganiza zothandiza. Wina kumbuyo anatulutsa kabuku kake, wina naye, wina naye. Posakhalitsa tchalitchi chonse chinali kwecha, kwecha, kwecha, ngati nkhuku zikupalasa pa mphasa ya mphale. Lawi ngakhale limodzi silinaoneke. Tadala ananditembenukira ali m'velo. Ine ndinayamba kuwerenga pulogalamu ya ukwati mwachidwi chachikulu, ngakhale ndinali nditailemba ndekha.

"Iwe," anatero achemwali motsitsa mawu, osadziwa kuti maikolofoni ya abusa ili pafupi, "kodi machesi akunowa ali ndi podina?"

Amalawi onse anamva. Ena anaseka, koma ine kuseka kunalibe, chifukwa ndinaona nkhope ya achemwali. Iwo ankaganiza kuti olakwa ndi iwo, mayi wakumudzi wolephera machesi a ku Amereka pamaso pa asebele. Zimenezo zinandipweteka kuposa china chilichonse tsiku limenelo.

Ndinadzuka. Ndikanakhala wanzeru ndikanaulula pomwepo, koma ndinalandira kabukuko monga mwini ntchito, ndinawongola jekete, n'kukwecha mwaluso. Kamodzi. Kawiri. Kachitatu ndinakanikiza mwamphamvu mpaka sandipepa uja anamatuka n'kugwera pansapato ya abusa. Abusa anamutola, anamutembenuza. Kumbuyo kwake kunali nambala ija amalemba ku sitolo ya zomangira.

"Achemwali, si inu," ndinatero. "Ndi ine." Ndinabwerezanso m'Chizungu kuti mbali zonse ziwiri zimve. Maikolofoni ija inandithandiza kwambiri.

Apa Mayi Loretta anapumira m'mwamba, anatsegula chikwama chawo, n'kuyamba kufukula. Anatulutsa matishu, maswiti, magalasi, kenaka pansi penipeni kabuku ka machesi kothaitha, ka pa filing'i siteshoni ina. Marcus anatsegula pakamwa.

"Mami, munati fodya munasiya."

"Yang'ana mkazi wako," anayankha mayiwo osamucheukira.

Anapereka kabukuko kwa achemwali. Achemwali anakalandira ndi manja awiri, anakayang'ana mkati, anakatseka, n'kukatembenuza. Kenaka anathyola mtengo wina m'kabuku kanga kaja, n'kuukwecha pa kamzere ka Mayi Loretta. Lawi linabuka nthawi yomweyo. Anayatsa kandulo yawo, anatchinga lawilo ndi dzanja, anadutsa kutsogolo kwa abusa mofulumira, n'kukayatsanso ya asebele awo. Mtengo umodzi, makandulo awiri. Nthungululu zinamveka kuchokera kumbali yathu, a kuchimuna akuwomba m'manja. Abusa, munthu wochenjera, ananena kuti ukwati ndi umenewo, mbali iyi ibweretse chake, mbali iyo chake. Anthu anati ameni, koma palibe amene anapusitsika.

Kumadyerero ndinawafunsa achemwali kuti anadziwa bwanji.

"Kumudzi bokosi likanyowa timakakwecha pa bokosi la aneba," anatero akusenda fupa la nkhuku. "Unayamba waonapo munthu akuyatsa machesi pamwala? Mwala si wokhakhala?"

Anatsegula dzanja n'kundipatsa mitengo yakufa ija, yawo, yanga ndi ya Mayi Loretta imene anatola pansi. Inalipo khumi ndi itatu. Ine amene ndinakana kuwononga umodzi ndili ndekha kukhitchini, ndinawonongetsa khumi ndi itatu paguwa, osawerengera ya m'mabenchi.

Lolemba ndinamufotokozera Darlene. Sanaseke msanga, anayamba wavula magalasi n'kuwapukuta. Kenaka ananditenga kupita kuchipinda chija, chimene chili mapazi khumi kuchokera pamene ndimaima, chimene ndakhala ndikuchidutsa zaka zinayi. Anandionetsa makina akupaka kamzere kaja, n'kunena kuti mankhwala oyatsa moto amawagawa pawiri dala, ena m'mutu, ena pa kamzere, kuti machesi asamayake okha m'thumba mwa munthu. Popanda kukumana awiriwo, ukhoza kukwecha mpaka Khirisimasi. Atamaliza kufotokoza m'pamene anakhala pampando n'kuseka mpaka misozi.

Timabuku totsala achemwali anatitolera tonse, m'mabenchi, m'matebulo, ngakhale m'bini. Ankafuna kupita nato ku Dedza, koma Tadala anawauza kuti m'ndege salola. Anandisiyira ine jumbo yonse ndi lamulo lakuti ndisataye, mitengo yake ndi yabwino. Atafika kumudzi ndinawaimbira, mtima uli m'mwamba, kufunsa kuti anthu awauza chiyani.

"Ndawauza kuti kandulo ya Tadala inayaka ndi machesi a malume ake," anatero. "Ndanama?"

"Simunaname."

"Zinazo sanandifunse."

Iwo anati mayunitsi akutha, n'kudula foni, ngakhale woimba ndinali ine.

Darlene anandipatsa chidutswa cha kamzere kenikeni kuti ndikamate pa timabuku tija, n'kundilamula kuti ulendo uno ndiyambe ndayesa. Ndinamata pa kamodzi, ndipo kakuoneka bwino kwambiri. Kali mu dilowa ya kukhitchini, pamodzi ndi mtengo uja ndinausunga m'thumba la malaya. Kuyesa ndidzayesa ndithu. Kungoti mpaka pano magetsi sanazimepo.