Mphini za Matimati

Mukadzafika kwathu ku Matawale, funsani zina zonse koma za matimati ayi. Ine ndimayang'ana pansi.

Mbewu yake si ya m'sitolo. Malemu apongozi anga anachoka nayo ku Milanje atamanga pakansalu, ndipo akazi anga, mayi a Tadala, amaisunga chaka ndi chaka: kufinya, kuyanika panyuzipepala, kufesa. Chaka chimenecho anafesa yonse osasiyako. Popita ku Blantyre kukadwazika achemwali awo, anandisiyira ntchito imodzi, kuthirira. (Imodzi basi, mumvetse.)

Loweruka kunabwera Tadala, mwana wathu amene amaphunzira za zomera kuyunivesite ku Chirunga. Anandipeza ndikukalipira mbozi.

"Ababa, matimati si opusa," anatero. "Tsamba likalumidwa silikhala chete. Pabalapo pamatuluka kachidutswa kakang'onong'ono ka puloteni, n'kuyambitsa uthenga wopita ku masamba enawo. Iwo akamva, amapanga zinthu zoti mbozi ikadya, chakudya chizikanika kugayika m'mimba."

"Ndiye kuti bala ndi limene limaudzutsa mtengowo?"

"Tingotero."

Mwana anapita, mutu wanga n'kuyamba ntchito. Ine ndili ndi mphini zitatu pamsana, amalume ananditemera ndili wamng'ono, ndipo mpaka lero ndikuyenda. Nanga n'kudikiriranji mbozi? Ndinatenga lezala langa lometera ndevu n'kulowa m'dimba. Mtengo uliwonse mphini zitatu patsinde. Chifukwa cha chisoni, ndinayambira wina wachikasu, wofota, umene unkaoneka kuti ukufunika thandizo msanga. Kenako mzere wonse, kenako winawo. Lezala lomwelo, osapukuta n'komwe. (Ndinkaimbanso nyimbo ya kwaya, ndisabise.)

Patapita masiku, masamba anayamba kugwa nkhope, motsatana ndendende mmene ndinayendera.

Tadala atabweranso anayang'ana timabala tija kwa nthawi yaitali. "Munayambira uti?"

"Wodwala uja."

Anagwira kumutu. "Ababa, mwagawa matenda ndi lezala."

Mayi ake ankaimba foni m'mawa uliwonse. "Matimati ali bwanji?" Ine, "Akukula." Mtima unkandipweteka, chifukwa ndinkadziwa kuti chimene ndapha si ndiwo, koma chinthu chomaliza chimene mayi awo anawasiyira. Nsima inkandikanika.

Tsiku limene mayi a Tadala anafika, anaika chikwama pakhonde n'kupita kudimba. Ndinawatsatira komweko. Ndinaulula zonse. Iwo anangotembenuka n'kulowera kuseri kwa bafa, ine pambuyo. Kumeneko, m'matope a madzi osamba, munali mtengo umodzi womera wokha, umene dokotala wamkulune sindinauone. Unali ndi matimati anayi, awiri akupsa.

Anathyola limodzi, n'kulifinyira panyuzipepala.

"Zoumazo zandiwawa," anatero. "Koma taonani mmene mwaondera. Masabata atatu mukuvutika nokha osandiuza? Tsamba likuposani, bambo a Tadala. Ilo likapweteka limauza anzake."

Ndinalira, ndivomere, munthu wa imvi kuseri kwa bafa.

Mbewu ija inamera, ndipo chaka chino yabereka kwambiri. Ine masiku ano ndimanena chilichonse: bondo likawawa, dzino likagwedera, mpaka mayi a Tadala akuti uthenga wachuluka. M'dimba amandilolabe kulowa ndi keni yothirira, koma amayamba andipisa m'matumba.