Apongozi Ndimawadziwira ku Mapazi

Lolemba

Iwe amene watola kope lino n'kuyamba kuwerenga za eni ake, tandiyankha: unaonapo munthu akupepesa osatsegula pakamwa? Sunaonepo. Ndiye dikira Lachisanu.

Nkhani ili apa. Mkazi wanga, make Rashida, ali kwawo ku Lungwena, lero tsiku lakhumi ndi chiwiri. Akuti anapita kukaona amayi. Anatenga mwana, anatenga ndi mapoto omwe. Woona amayi amanyamula mapoto?

Chiyambi chake n'chaching'ono. Tsiku la Idi tili konko, alamu anga akufunsa ngati bwato la malemu apongozi aamuna, Che Amidu, lingakonzeke. Ine n'kuyankha kuti: "Izi ndi nkhuni basi, muwaze muwambire nsomba." Zoona zokhazokha! Bwato lake mumagona mbuzi. Kani apongozi aakazi ali kuseri kwa mpanda wa bango, akupeta mpunga. Lichero linangoti zii.

Ankhoswe anga, Che Saidi, telala wa pakhonde loyandikana ndi situdiyo yanga, akuti tipite Loweruka ndikagwade. "Mayi aja akapanda kufewa, mkazi wako umuiwale." Kugwada sindikukana. Koma pakamwa pangapa ndimapadziwa: ndikayamba ndi "pepani" ndimakathera pa "komabe". Ndiye patsogolo papite chithunzi, chikalankhule Lachisanu, ine Loweruka ndikangolandira chikhululuko.

Ntchito iyi sanandiphunzitse munthu. Zithunzi za pachiphaso, za maukwati, kuyimika mnyamata wa ku Makawa pafupi ndi ndege imene sanakwerepo, zonse ndinazitola ndekha pa laputopu iyi. Koma ichi si cha ndege. Ndi chophatikiza, ndipo chilichonse m'menemo chikhale ndi tanthauzo:

- apongozi awiri, malemu ndi amayi, pakatikati
- bwato lija, pamwamba pa mitambo (ulemu)
- nyali, poti malemu anali siginala, mwini kuwala koitanira usipa
- mlambe kumbuyo kwa amayi (mphamvu)
- loko ndi kiyi wake (mtendere wa nyumba yanga uli m'manja mwawo)
- kadzidzi (pa intaneti akuti ndi nzeru)

Akachiona akalira. Ndikudziwa.

Lachiwiri

Bwato lili kale mu foni, ndi mbuzi yake. Mbuzi ndachotsa. Loko ndajambula wa pachitseko changa. Mlambe suvuta, kuno ili mbwee.

Vuto ndi anthu. Chithunzi chimene muli onse n'chimodzi chokha, cha pa ukwati wa alamu, chimene chinatumizidwa pa gulu la banja la pa foni. Malemu pakati, mkanjo woyera, chisoti. Uku mayi, uku mayi. Nsalu yofanana ya ukwati, mpango wofanana. Paja malemu anali a mitala: apongozi anga ndiwo aakulu, aang'ono ndi Abiti Selemani a kutsidya kwa dambo.

Ndilembe poyera, poti ine sindibisa mawu. Zaka khumi ndi chimodzi sindinawayang'anepo kumaso apongozi anga. Mkamwini woleredwa satero. Tikakumana panjira ndimapatukira m'tchire, ndikafika pakhomo maso amakhala pansi. Ndimawadziwira ku mawu ndi ku mapazi: chala chachikulu chakumanzere chinapindika, patapata wobiriwira. Mapazi amenewo ndingawaloze ngakhale pakati pa msika.

Wojambulayo, kaya ndi mbuli iti, anawadulira onse m'mawondo!

Kufunsa make Rashida? Foni yanga sakuyankha. Kufunsa Che Saidi? Angaseke mpaka singano kuthyoka. Ndaganiza ndekha. Mkazi wamkulu amayima kumanja, izi n'zodziwikiratu. Ndiponso wakumanjayo wagwira malemu pamkono ngati mwini katundu, mano onse pamtunda. Winayo wayima patali pang'ono, wakwinya nkhope ngati wochita kuitanidwa. Wokwinyayo ndamufufuta.

Manyazi ali pokuza chithunzi. Nkhope ya apongozi yadzaza sikirini yonse, ikundiyang'ana. Ndamata kapepala pankhopepo n'kumadula m'mbali mwa mpango nditazolika. Kasitomala wa chiphaso wandipeza ndikunena "pepani amayi" kwa laputopu.

Lachitatu

Kulakwa: kuonetsa Che Saidi. Kapepala kaja sindinachotse, nkhope ya apongozi si yoonetsa matelala. Avala magalasi, akuloza ndi choko chawo chimodzi chimodzi.

Kadzidzi: "Astaghafiru! Ukuwauza kuti ndi afiti, kapena ukuwaitanira maliro?"

Loko: "Loko pa chithunzi cha munthu wamoyo? Akati wapita nawo kwa sing'anga, wawatseka."

Mlambe: "Chimtengo chonenepa, champhako, chopanda mthunzi. Ndiwo amayiwo amenewo?"

Bwato pamitambo: "Jeneza iyi yonyamulira maliro ikupita ndi ndani?"

Ndawafotokozera kuti chithunzi chotere sachiona ndi maso okha, amachiona ndi mutu. Akuti ku Lungwena amaona ndi maso. Ndakalipa. Ndawauza kuti iwo chimene amadziwa ndi mabatani. Ndawonjezera kuti ngakhale mabataniwo amawasokera mokhota. Ankhoswe anga omwe, amene akandilankhulire Loweruka! Makina awo akhala chete ola lathunthu.

Masana ndachotsa kadzidzi. Osati chifukwa cha iwo ayi, amangodzaza malo.

Loko nayenso.

Mlambe ndauchepetsa, ndauchepetsanso, mpaka ukuoneka ngati phata la chinangwa. Ndauchotsa.

Ndawaikira zitumbuwa zitatu pamakina. Adya osandiyang'ana.

Lachinayi

Magetsi azima m'mawa wonse. Batire la laputopu silipitirira mphindi makumi awiri, ndiye ndikugwira ntchito ngati wakuba.

Bwato ndalitsitsa kumitambo, ndaliika pamadzi. Likangofika pamadzi chibowo cha m'mbali chikuonekera, munthu angati malemu akumira. Ndatenga thabwa labwino la mbali ina n'kumata pamenepo. Mphindi zisanu. Bwato limene ndinati silingakonzeke lili phee panyanja, latsopano. Ndakhala ndikuliyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ndingavomerere pagulu.

Zatsala: anthu awiri, bwato, nyali. Zitatu pa zisanu ndi chimodzi zija!

Nyali ndaikweza, kuwala kwake konse kukugwera pa amayi. Ndipo poti anthu a kuno matanthauzo sawamva, ndalemba ndi mawu omwe pansi pake, zilembo zagolide, kuti asavutike:

NYALI YENIYENI YA CHE AMIDU

Apa ndiye palibe telala angapotoze.

Kosindikiza, makina awo asandutsa nyanja kukhala yofiirira ngati thobwa. Ndawalalatira. Asindikizanso, yatuluka ngati thobwa lothira madzi. Ndatenga. Ndachinyamula chozondotsa mpaka kwa wa mafelemu, ndamuuza aike galasi n'kukulunga yekha. Nkhopeyo sindinaiyang'ane ngakhale kamodzi. Ulemu umenewo ndani ali nawo masiku ano?

Lachisanu

Tikutuluka mu mzikiti ndachipereka kwa wa njinga yamoto wa ku Lungwena, chokulungidwa mu chitenje chatsopano. Ndamuuza akachigwetsa asabwerenso m'tauni muno.

Mtima sukukhazikika. Ndaona kuti ntchito yotere si yoti ione nyumba imodzi. Ndachiponya pa gulu la banja. Pansi ndalemba: "Kwa amayi athu."

Aona anthu asanu. Chete.

Aona khumi ndi awiri. Chete. Ndikuti akulira.

Azakhali a make Rashida atuluka pagulu.

Alamu atumiza kankhope kogwira pakamwa, kenako akachotsa.

Kenako uthenga wa make Rashida, woyamba m'masiku khumi ndi asanu ndi limodzi:

"Amenewa ndi amayi a ndani?"

Ndatsegula chithunzi cha ukwati chija. Ndachiyang'ana. Ndayimirira, ndatembenuka, ndayima mmene anayimira malemu, ndakweza dzanja lamanja.

Kumanja kwanga ndi kumanzere kwawo!

Ine, amene tsiku lililonse ndimakalipira makasitomala kuti "kumanja kwanu, osati kwanga"!

Ndachotsa pagulu. Mochedwa, wina wachiponyanso. Ndayimbira wa njinga. Akuti wapereka kale m'manja mwa eni ake, ndipo anamasula pamaso pa azimayi onse a pathandala la usipa.

Nditawauza, Che Saidi anayamba n'kuseka, mutu pa makina. Kenako asiya.

"Ndiye unafufuta ndani?"

"Wokwinya uja."

"Inna lillahi."

Sindinadye.

Loweruka

Ulendo wonse pa matola Che Saidi akundiphunzitsa mawu awiri: "Ndalakwa, amayi." Akuti ndikawonjezera lachitatu atsika n'kundisiya.

Pakhomo anthu ambiri kuposa tsiku la Idi. Aliyense ali ndi chifukwa: wina wadzabwereka sefa, wina akufuna moto dzuwa lili pamutu. Atikhazika pansi pafupi ndi bwato. Mbuzi ili momwemo. Make Rashida ali pakhonde, akusankha nyemba ngati sanandionepo.

Chithunzi palibe. Alamu akundinong'oneza kuti mbiri inawoloka dambo dzulo lomwelo. Abiti Selemani anabwera okha, nthungululu kuyambira kumsewu, n'kuti "ndamva kuti kwafika katundu wanga". Anachisenza pamutu. Chili pakhoma kwawo, moyang'ana khomo, chitseko chosatseka. Ndipo asiya tambala womanga miyendo, akuti ndi wa "mkamwini wodziwa choonadi".

Che Saidi alankhula bwino, miyambi yonse. Ine mawu anga awiri ndanena. Kenako kuseri kwa mpanda kwamveka mawu aja ndimawadziwa:

"Za bwato ndinaiwala kale. Bwatolo ndi nkhuni ndithu. Ndimangodikira abwere adzakhale pansi, atenge mkazi wawo."

Nthaka, tseguka!

"Zaka makumi anayi ndawamba nsomba za munthu uja, maso anga anathera mu utsi. Lero ndamva kuti nyali ndi wina."

Ndatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za kumanja ndi kumanzere. Che Saidi andiponda chala.

Kenako mapazi. Patapata wobiriwira, chala chopindika, pamaso panga penipeni.

"Bambo a Rashida, dzutsani mutu. Mundione lero, mungadzalire maliro a wina."

Ndafika m'mawondo. Ndabwerera. Ndayambanso. Khosi likulemera ngati nangula. Ndafika.

Ndi Rashida. Mwana wanga Rashida atakalamba. Chipumi chomwecho, kukwinya komweko kumene amachita akamakana phala, kumene ine ndimakujambula n'kumaseka. Ndipo sikuti akwiya. Nkhope yawo ndi yotero basi. Maso okha ndiwo anali onyowa.

Chigamulo n'chachifupi. Make Rashida abwerera tsiku limene chithunzi chija chidzatsike pakhoma paja n'kufika m'manja mwa apongozi, ndi galasi lake.

Pobwerera tambala ali pamiyendo panga. Wandichitira chimbudzi kawiri. Sindinakalipe.

Lamulungu

Ndapanga china. Malemu ndi apongozi anga enieni atayima, basi. Popanda mitambo, popanda nyali, popanda zilembo. Kapepala sindinamate. Mphindi khumi. Ndi chabwino kuposa chilichonse chimene ndinapangapo, ndipo palibe amene achilandire chinacho chisanatsike.

Alamu ayimba. Akuti kwa Abiti Selemani anthu akuchita kusinthana polowa. Wina wachokera ku Malindi pa njinga. Akuti mayiwo alumbira kuti chithunzicho chidzachoka pakhoma tsiku limene iwo adzatuluke m'nyumbamo pa jeneza. Mayiwo akufunsanso ngati ndingawapangire china chaching'ono, choyenda nacho m'chikwama.

Tambala ndamumanga ku mwendo wa benchi ya makasitomala. Kumudya, ndiye kuti ndavomera kuthokozako. Kumubweza, Che Saidi akuti ndiye kuti ndanyoza apongozi achiwiri, ndipo iwo milandu iwiri pa sabata imodzi sangathe. Ndiye tikukhala awiri. Akudya mpunga wanga. Poto ndabwereka.

Ndalakwa ndine, sindikukana. Palibe "komabe".

Komabe. Mwambo uwu wina aukonze! Tsiku la ukwati azimukhazika mkamwini pampando, abweretse apongozi ake, awayang'ane kumaso mphindi imodzi yathunthu, pamaso pa mboni, kenako azolike moyo wake wonse. Chovuta n'chiyani pamenepo?

Ndipo inu Che Saidi, mawa makina musatsegule. Unkhoswe munavomera nokha, zitumbuwa munadya. Nyamulani tambala uyu, muwoloke dambo lija, mukagwade, mukaname, mukalonjeze chaching'ono cha m'chikwama ngati n'kofunika. Koma chithunzi chija chitsike pakhoma paja, mkazi wanga abwere kunyumba.