Ndinawazindikira ndi Mapazi

Ena akalemba buku amatchuka. Inenso ndinatchuka, koma kutchuka kwake ndi kuja kwakuti ukamadutsa pamsika azimayi amakodolana n'kubisa pakamwa ndi chitenje. Ndakhala ndikuibisa nkhaniyi, koma poti ku Luangwa kuno, m'komboni yathu ya ku Kitwe, ngakhale makondakitala a minibasi akuidziwa, bola ndiinene ndekha asanaithire mchere wina.

Ndiyambe ndi khalidwe langa, chifukwa ndi limene linandigwetsa. Ine ndinakulira kwathu ku Chadiza, ndipo bambo anga anandiphunzitsa kuti mkamwini sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso. Ukakumana nawo panjira umapatuka. Ukamawapatsa moni umanjuta chapatali, maso ali pansi. Anzanga amene tinabwera nawo ku migodi anazitaya kalekale zimenezi, ena mpaka amajambulitsa ndi apongozi atakolekana mikono paphewa. Ine ayi. Zaka makumi awiri ndi zinayi ndakhala pabanja ndi amake Thoko, ndipo zaka zonsezo amayi awo, amene amakhala ku Kabushi ku Ndola n'kumagulitsa tinsomba touma ta kapenta pamsika, ndinkawaona chapatali kapena chakumbali basi, duku ndi phewa. Chimene ndinkachidziwa bwinobwino ndi mapazi awo.

Ndipo ndinkanyadira. Apongozi ankauza anthu kuti, "Mkamwini wanga wa ku Kitwe uja, ulemu wake ngwakale." Ntchito ya ku mgodi inatha, tsitsi linatha, koma mbiri imeneyi ndinali nayobe. (Mkazi wanga ankati ndimawonjeza, kuti ngakhale kumudzi komweko anthu anafewetsa. Ndinkamuyankha kuti ulemu suwonjezeka.)

Za buku zinayamba ndi Thoko, mwana wathu womaliza, wa zaka zisanu ndi zitatu. Ukamufunsa m'Chinyanja amayankha m'Chibemba, ndipo mabuku onse amene ankabwera nawo kusukulu anali a Chibemba ndi Chingerezi. Zinandiwawa. Ndinati ine, munthu amene ndinkawerenga mawu kutchalitchi anthu n'kumagwedeza mitu, ndingalephere kulembera mwana wanga kabuku m'chilankhulo chathu?

Ndinapeka nkhani ya mayi wina wankhanza, dzina lake Nachilanda, amene mpira wa ana ukagwera pabwalo pake amautola n'kukautsekera kuchipinda. Mipira inachuluka, inachuluka, mpaka tsiku lina atatsegula chitseko inamukokolola n'kukamugwetsa chagada pamsewu. Nditamaliza kulemba ndinaseka ndekha mpaka kutsokomola. Pamenepo ndinapanga cholakwa choyamba: ndinaganiza zobisira mkazi wanga, kuti adzangoona buku latuluka adziwe kuti anakwatiwa ndi munthu.

Buku la ana limafuna zithunzi, ndipo ine ngakhale nkhuku sinditha kujambula. Ku Kitwe sindikanafunsa munthu, nkhani ikanafika kunyumba ine ndisanatsike minibasi. Mnzanga wina anandilozera kwa a Chanda, bambo wojambula mitu ya anthu pamakoma a mashopu ometera, amene ali ndi kashedi kuseri kwa msika wa Kabushi. Ndinkapita mozemba, kudzera njira ya kumbuyo, kuti apongozi asamve kuti ndafika ku Ndola osawalonjera.

A Chanda anawerenga nkhani yanga akusuntha milomo, kenako anati, "Bakamba, ine nkhope sinichotsa mumutu. Nifunika kuona munthu. Uyu mayi mufuna ankhale wokalipa bwanji?"

"Wokalipa zenizeni," ndinatero. "Woti mwana akamuona abise mpira kumbuyo."

"Awe, osadandaula mukwai, nili naye kale. Aliko mayi wina pamaliketi apa, ananikalipira last week chifukwa penti inadonthera pa saka yake ya kapenta. Nkhope ija sinizaiwala."

Mwamva inu eti? Ine sindinamve kanthu. Pamsika wa Kabushi azimayi ogulitsa kapenta ndi ambirimbiri, ndiye ndinangoseka n'kuwauza kuti amujambule ndithu, aphunzire kulemekeza aluso.

Patatha milungu iwiri anandionetsa zithunzi. Nachilanda anali pamenepo, kuyambira m'chiuno kupita kumwamba: duku lomangira kutsogolo, nsidze zokumana, kachipsera pachibwano, mlomo wapansi utatuluka. Ndinachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Chinkandikumbutsa munthu wina, koma ndinati mwina ndi mayi amene ankatiphunzitsa katekisimu ndili mwana.

"A Chanda," ndinatero, "munthu uyu ndi woipadi. Onjezerani pang'ono makwinya apa."

Anawonjezera ine ndikuona. Chinatsala chithunzi chimodzi chokha, cha tsamba lomaliza, pamene Nachilanda wagwa. A Chanda anati adzachipereka okha kwa osindikiza, ndipo ine ndinavomera. Mabuku atatuluka ndinatsegula katoni, n'kuona dzina langa pachikuto. Ndikuuzeni zoona, maso anga sanapitirire pamenepo. Ndinkangolisisita dzinalo ndi chala, ndipo m'kati ndinangovundukula masamba awiri atatu.

Ndinapempha holo ya kutchalitchi kwathu Lamulungu, Misa yachiwiri itatha. Ndinaitana mabanja onse akwathu kum'mawa kuti abwere ndi ana. Ndipo pofuna kuti ulemu wanga uonekere poyera, ndinatuma mkazi wanga kuti akaitane amayi ake adzakhale mlendo wolemekezeka. Mkazi wanga anafunsa kuti mwambo wake ngwachiyani. Ndinati, "Udzaonera komweko." (Anaoneradi.)

Apongozi anafika bwino, ndinamva mawu awo pakhomo. Anawakhazika pampando wakutsogolo, moyang'anana ndi ana. Ine ndinawalonjera monga mwa nthawi zonse, nditanjuta, ndikuyang'ana simenti, kenako ndinakaima mbali ina ya tebulo n'kuwapatsa msana pang'ono. Ndinalankhula mawu otsegulira ataliatali, za chilankhulo chathu ndi za ana amasiku ano. Kenako mabuku anagawidwa.

Ana atatsegula tsamba loyamba, holo inakhala zii. Ndinati mumtima, luso limatere. Ndinaona timitu tikuyang'ana m'buku, kenako kutsogolo, kenako m'buku. Kamtsikana kena kananong'oneza mnzake, "Ebo balya!" kutanthauza kuti ndi omwe aja. Ine ndinaganiza kuti akunena ine, wolemba.

"Adadi," anatero Thoko atakweza dzanja.

"Thoko, mafunso pamapeto."

Ndinayamba kuwerenga. Ana anaseka pa chiganizo choyamba penipeni, pomwe panalibe n'choseketsa chomwe. Zimenezi zinandipatsa mphamvu. Ndinasintha mawu kuti amveke ngati a mayi wolusa, ndinagwira m'chiuno, ndinayenda chotsimphina. Holo inagwa ndi phwete. Akuluakulu kumbuyo anali atawerama, mapewa akugwedezeka. Ndinayang'ana mkazi wanga ndipo ndinaona atagwira mutu ndi manja onse awiri, maso ali tong'o, akundipukusira mutu. Ndinati mayi uyu wagwidwa ndi chimwemwe, sankadziwa kuti ali ndi mwamuna wotere.

Ndiye ndinachita chimene sichinalembedwe n'komwe m'buku. Ndinakweza chithunzi m'mwamba n'kufuula, "Ana inu, taonani nkhope iyi! Munthu wotere mungakonde kukhala naye nyumba imodzi?"

"Aweee!"

"Akakupatsani chakudya mungadye?"

"Aweee!"

Mwa ana onse Thoko yekha sanayankhe. Anali atabisa nkhope m'diresi.

Ndinafika pa tsamba lomaliza ndili thukuta kamukamu, ndikumva kukoma. Ndinatembenuza pepala. A Chanda anali atagwira ntchito yotamandika. Nachilanda anali chagada pakati pa mipira, miyendo m'mwamba, ndipo kutsogolo kwenikweni kwa chithunzi kunali mapazi awiri akuluakulu. Anavala nsapato zansalu zabuluu. Yakumanzere inali yoboola pambali, kuti chala chachikulu chotupa chizipuma.

Abale anga, nsapato imeneyo ndinkaidziwa kuposa chikhatho changa. Ndinali nditailonjera m'mawa womwewo.

Pang'onopang'ono ndinatsitsa maso kuyang'ana pansi pa tebulo, ndipo chala chija chinali pomwepo, chikugunda simenti. Ndinalakalaka nditabwerera pansi pa mgodi, kumene kulibe apongozi a munthu.

Apongozi anaimirira. Anatenga buku limodzi patebulo n'kuliika m'chikwama chawo. Sanalankhule ndi ine, analankhula ndi mwana wawo, mofatsa, holo yonse ikumva.

"Uwauze amuna ako abwere ku Kabushi pa Wednesday."

Kunyumba mkazi wanga sanadziwe kuti akalipe kapena aseke, ndiye anachita zonse ziwiri. "Inu! Amayi anga enieni! Kachipsera kaja simunakaone? Mukanandionetsa ine tsamba limodzi chabe, limodzi!" Akatero ankalowa kukhitchini, ine n'kumamumva akuseka yekha, kenako n'kutulukanso atakwiya. Ine masiku atatu amenewo chakudya sichinkatsika. Sindinkaopa kukalipiridwa. Chinkandipweteka n'chakuti chinthu chimodzi chimene mayi aja ankandiyamikira nacho ndinali nditachiphwanya ndekha, pamaso pa mpingo, ndikutsimphina.

Lachitatu ndinagula tambala wamkulu, ndipo tinakwera minibasi ya ku Ndola ndi mkazi wanga. Tambalayo analira njira yonse. Titafika ndinanjuta pakhonde, chapatali, n'kuyamba kupepesa kudzera mwa mkazi wanga monga mwa mwambo. Ndinafotokoza za a Chanda, za penti, za saka ya kapenta. Ndinalumbira kuti mabuku onse ndikawotcha.

"Iwe khala chete," apongozi anauza mwana wawo. "Lero nikamba nawo neka. Atate ake Thoko, mukuti simunadziwe kuti ndine?"

"Sindinadziwe, amayi. Mulungu ndi mboni."

"Nakhulupirira. Ndiye chimene chanibaba mumtima ni chamene icho."

Maso anga anali pa nsapato yabuluu.

"Kujambulidwa sinidandaula," anapitiriza. "Uja wa penti ninamukalipiradi, ndipo akabwerezanso nizamukalipira futi. Koma iye waniona kangati? Kawiri, katatu, wagwira nkhope yanga yonse na kachipsera komwe. Imwe mwadya va m'manja mwanga twenty-four years. Munanitumizira mankhwala pamene ninadwala. Nkhope yanga simuidziwa. Manje nikafa, akakuitanani kuchipatala kuti bwerani muone ngati ni apongozi anu, muzakamba chani? Kuti vundukulani kumapazi?"

Mkazi wanga anaphulika kuseka, koma ine sindinaseke. Mawu aja anandilowa.

"Dzutsani mutu," anatero.

Ndinayesa, khosi linakana.

"Nakamba dzutsani mutu. Ndine nakulolani."

Ndinadzutsa. Ndinaona mayi wokalamba, wotopa, wa nsidze zokumana ndi kachipsera pachibwano, monga momwe a Chanda anajambulira. Koma makwinya amene ndinalamula kuti awonjezere aja panalibe. Ndipo maso awo anali a Thoko enieni, mpaka kapendekedwe kake akamafuna kuseka. Zaka zonsezi ndinkauza anthu kuti mwanayo maso anatengera kwathu. Misozi inalengeza, ndipo ndinachita manyazi kuposa a mu holo aja.

Tambala uja apongozi anamulandira. Za kuwotcha mabuku anakana. "Muwotche chani? Thoko waniwerengera lonse pafoni, m'Chinyanja, kuyambira poyamba mpaka pamene nagwa. Munamvapo mwana uja akuwerenga Chinyanja? Mubweretse twenty, niziika pa tebulo yanga pamaliketi."

Ndi mmene zilili mpaka lero. Mabuku anga amakhala pakati pa kapenta ndi nyemba, ndipo amanunkha kapenta. Ana a ku Kabushi amabwera kudzaona Nachilanda wamoyo, iwo n'kuwakwinyira nsidze dala, ana n'kuthawa akuseka. Anthu ambiri kumeneko amakhulupirira kuti bukulo analemba ndi iwo. A Chanda anapita kukapepesa, anakalipiridwanso, koma chifukwa choti chala anachikulitsa.

Mwezi watha apongozi anabwera kudzationa ku Luangwa. Ndinakonzekera kuyambira m'mawa. Atalowa ndinanjuta, ndinapuma mwamphamvu, ndinadzutsa mutu n'kuwayang'ana kumaso. Ndinawapatsa moni, ndinafunsa za ulendo, ndinafunsa za malonda, maso osaphethira.

"Basi, yakwana," anatero. "Musachite kuniyang'anitsitsa monga mufuna kunijambula futi."

Maso anga anathokoza n'kubwerera kwawo pansi. Anali atagula nsapato zatsopano, zofiirira, ndipo yakumanzere anali ataiboola kale. M'nyumba monse ndine ndinayamba kuziona.