Mlandu Wosambitsa Apongozi

Kwa Olemekezeka
Mwinimbumba wa kwa Mbewe,
Mlonda wa Miyambo ya Makolo,
ku Lusaka.

Bambo,

Ndagwada polemba kalatayi, ndipo ndagwadira patali monga amachitira mtengwa wa ulemu. Ndine Nelly, mkazi wa a Mathews, uja mumamutcha "mwana wa eni" pa gulu la banja la pa Watsapu. Ndalemba poyera kuti onse amene anamva chigamulo chanu amvenso kuthokoza kwanga.

Choyamba, mlandu ndikuuvomera. Achimwene anu a Mateyo, apongozi anga, atagwa ndi sitiroko kuseri kwa nkhokwe, ndinawagwira. Ndinawapisa manja m'khwapa n'kuwakokera pangolo, mutu wawo uli pamiyendo panga mpaka kuchipatala. Mwana wawo, a Mathews, anali ku Beira ndi thiraki, ndipo apongozi aakazi maso awo ndi chifunga chokhachokha. Ndikanakhala wolangidwa bwino, ndikanagwada kumapeto kwa bwalo n'kumaomba m'manja mpaka mwamuna wa mtundu wanu atatulukira. Akanamwalira, inde, koma mwambo ukanapulumuka.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha liwiro lanu. Uthenga wa matenda munauyankha ndi kachithunzi ka manja opemphera. Koma mutangomva kuti mtengwa akulowa kuchipinda kwa apongozi ake aamuna, kuwasambitsa ndi kuwasintha matewera, dzuwa silinalowe musanaweruze: ndilipe nkhuku yoyera, ndipo phazi langa lisadzapondenso m'chipindamo. Oweruza a boma abwere adzaphunzire kwa inu. Nkhukuyo ndinaipereka kwa alongo anu atabwera kudzazonda odwala. Anaidya, anapemphera mokweza mpaka agalu kuuwa, ananyamula thumba la mtedza, basi ulendo.

Chachitatu, ndinamvera. Phala ndinkaliika pakhomo la chipinda, ine n'kubwerera chambuyo. Tsoka lake dzanja lamanja la achimwene anu silinamve za chigamulocho, silinadzuke kudzatenga supuni. Apongozi aakazi anayesa kuwatembenuza okha, monga anatiuzira anesi kuti munthu wotere asamagonere mbali imodzi. Anagwa nawo limodzi, ndipo lero apongozi aakaziwo akuyenda ndi ndodo. Odwala anali mmodzi, nzeru zanu zatipatsa awiri. Mumakonda kutikumbutsa kuti chibale ndi fupa, sichiola. Zoona, bambo. Koma msana wa munthu wosatembenuzidwa umaola, ndipo bala lili pamenepo ndi lalikulu ngati chivindikiro cha poto.

Pano mundilole ndisiye kaye kuwerenga manambala, chifukwa mtima wandiwawa. Mukuganiza kuti ine ndinalibe manyazi? Munthu amene sindinadyepo pamaso pake chikwatiwire! Tsiku loyamba kuwavula malaya anatembenukira kukhoma, misozi ili chuchuchu, inenso ndikulira kumbuyo kwawo. Koma nditawasiya pomvera inu, ndi iwo amene anamenya khoma ndi dzanja lawo lamoyo lija mpaka ndinalowa. Pakamwa panapotoka, mawu satuluka bwino, koma amandiitana "mayi". Kodi nawonso muwalipitsa nkhuku?

Choncho ndikuulula kuti ndayambiranso kulakwa. Ndimalakwa m'mawa ndi madzi ofunda, ndimalakwa masana ndi phala, madzulo ndimalakwa ndi mankhwala opaka pabala. A Mathews akabwera amandilandira, koma thiraki ikaima kunonso sopo amatha.

Chachinayi, tikunyadira. Tinakuonani pa zithunzi za mwambo wa Kulamba, mutamanga nsalu paphewa, mukuvina ku Mkaika ngati mnyamata. Galimoto yanu inadutsa pa Sinda popita, inadutsanso pobwerera. Kuchoka pamsewu waukulu kufika kuno ngakhale njinga yakabaza sichita thukuta, koma tikumvetsa kuti fumbi lathu silikomera matayala a m'tauni. Kusunga mwambo wa mtundu wonse ndi ntchito yaikulu, sikungasiyire munthu mpata wosunga mbale wake mmodzi.

Pempho langa ndi laling'ono. Popeza manja anga ndi oletsedwa ndipo anu ndi ololedwa, abweretseni. Beseni lilipo, madzi ndifunditsa ndine, ndipo ndidzakulangizani ndili panja, kudzera pawindo, mmene amagwirira munthu kuti asamve kuwawa. Ngati manjawo ndi otanganidwa, masulani anga pa gulu lomwelo munawamangira, kuti ndizisamalira bambowa osatchedwa wopanda mwambo.

Koma chonde fulumirani, adakazindikira anthu. Galimoto iliyonse ikalira kumsewu amatukula mutu. Suti yanu yakuda ndi mawu okonzekera kukalankhula kumanda muzisiye kaye ku Lusaka. Tikudziwa kuti tsiku limenelo simudzachedwa.

Ine wogwira ntchito yanu,

Nelly,
mtengwa wa kwa Mbewe,
kumidzi ya ku Sinda.